NDEGE YOKHALA NDI CHOVUTA: INYAMUKE KAPENA IYAMBE YAKONZEDWA?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Anthu ambiri okwera ndege amakhulupirira kuti ndege siingachoke pansi pokhapokha kanthu kalikonse ka m'kati mwake katakhala kabwinobwino. Mawu amenewa ndi okoma kuwamva, koma zinthu siziyenda choncho ayi. Tsiku lililonse, pa mabwalo a ndege a m'mayiko onse, pamanyamuka ndege zonyamula anthu zili ndi chipangizo china chosagwira ntchito, ndipo zimatero mwa chilolezo cha lamulo, eni ake akudziwa, amakaniko atalemba m'buku, ndiponso woyendetsa ndegeyo atavomera. Maulendo otere pafupifupi onse amatha bwino, okwera osadziwa n'komwe kuti panali kanthu. Koma pakhala masiku ena pamene kanthu kakang'ono, kamene kadasiyidwa kuti kadzakonzedwe mawa, kadakhala chiyambi cha maliro a anthu ochuluka.

Tsono n'koyenera kuti awerengi athu, amene ambiri mwa iwo amayenda maulendo a pandege pa ntchito kapena pa maphunziro, adziwe za lamulo limeneli, za munthu amene amanena mawu omaliza, ndi za maulendo anayi amene adaphunzitsa dziko lonse kulemera kwa mawuwo.

CHIFUKWA CHAKE LAMULO LIMALOLA

Opanga ndege zazikulu amaika zipangizo zofunika ziwiriziwiri, mwinanso zitatuzitatu, kuti chimodzi chikafa mumlengalenga chinzake chipitirize ntchito. Mawailesi olankhulirana ndi apansi amakhala angapo, majenereta a magetsi angapo, mapampu a mafuta angapo. Chifukwa cha ichi, ndege imene yataya chimodzi mwa zinthu zimenezi imathabe kuuluka popanda choopsa kwa masiku owerengeka. Komanso zitsulo zosinthira sizipezeka pa bwalo lililonse. Zambiri zimasungidwa ku likulu la kampani. Kukadakhala kuti nyali iliyonse yozima imaimitsa ndege kufikira chitsulo chitabwera kuchokera kutali, maulendo ambiri akadalephereka, ndipo mtengo wa tikiti ukadakwera koposa.

Koma chilolezochi sichili m'manja mwa aliyense kuti achite monga wafunira. Wopanga ndege amalemba buku lalikulu la mtundu uliwonse wa ndege, ndipo akuluakulu a boma oyang'anira za ndege m'dziko lake amalivomereza. Kuchokera m'buku limeneli kampani iliyonse imalemba buku lakelake lotchedwa Minimum Equipment List, kapena mwachidule MEL, limene liyenera kuvomerezedwa ndi boma la dziko la kampaniyo. Buku la kampani likhoza kukhwimitsa malamulo koposa buku la wopanga, koma silingawafewetse.

M'buku la MEL mumalembedwa dzina la chipangizo, kuchuluka kwake m'ndegemo, kuchuluka kwa zimene ziyenera kugwira ntchito kuti ndege inyamuke, ndi zimene amakaniko ndi oyendetsa ayenera kuchita poyamba. Mumalembedwanso masiku amene chovutacho chingadikire. Zovuta za gulu B zimapatsidwa masiku 3, za gulu C masiku 10, za gulu D masiku 120, pamene za gulu A zili ndi nthawi yakeyake yolembedwa pambali pa chipangizocho. Masikuwo akakwana chinthucho chisanakonzedwe, ndege iyenera kukhala pansi. Ndipo chipangizo chimene chimakhudza chitetezo cha ulendo, koma m'bukumo mulibe, chiyenera kukhala chamoyo nthawi zonse. Phiko kapena injini simungazipeze m'buku limeneli, pakuti palibe amene angafunse ngati ndege ingapite popanda izo.

Maziko a dongosolo lonseli ali m'malamulo a bungwe la ICAO, limene lidabadwa ndi pangano losainidwa ku Chicago m'chaka cha 1944, ndipo likulu lake lili ku Montreal. Dziko la Malawi ndi membala wa bungweli, choncho ndege zonyamula anthu za maulendo a kunja zimene zimanyamuka ku Lumbadzi ndi ku Chileka zimayenda pansi pa malamulo omwewa.

MAWU OMALIZA NDI A KAPITENI

Chovuta chikapezeka, chimalembedwa m'buku la zokonza limene limayenda ndi ndegeyo. Makaniko wokhala ndi chiphaso amayang'ana m'buku la MEL, ndipo akapeza kuti chinthucho n'chololedwa kudikira, amachizimitsa monga mwa malangizo, amamata kapepala pafupi ndi switchi yake kosonyeza kuti sichikugwira ntchito, kenaka amasaina. Apa ntchito ya makaniko yatha, koma ndege siinamasulidwebe. Lamulo limati ulendo usayambike kufikira kapiteni atakhutira kuti ndege ili yoyenera kuuluka. Buku likati ayi, kapiteni alibe mphamvu yonena kuti inde. Koma buku likati inde, iye ali nayo mphamvu yonse yonena kuti ayi.

Mphamvu imeneyi idaperekedwa chifukwa buku limaona chovuta chimodzichimodzi, pamene kapiteni amaona tsiku lonse lathunthu. Buku silidziwa ngati kumene akupitako kukugwa mvula, ngati msewu wotererapo ndi waufupi, ngati bwalolo lili ndi makina othandizira, ngati antchito atopa, kapena ngati pali zovuta zina ziwiri zololedwa zimene zikaphatikizana zimalemetsa ntchito koposa muyeso. Zonsezi aziyeza kapiteni m'mphindi zochepa, okwera atakhala kale m'mipando, akuofesi akuimba lamya kufunsa za nthawi, iyenso akudziwa kuti akakana, anthu ochuluka agona panjira ndipo kampani itaya ndalama zambiri.

MONTREAL, 1983: MAGEJI OPANDA MANAMBALA

Pa 23 Julaye, 1983, ndege ya Boeing 767 ya kampani ya Air Canada idakonzekera ulendo wochokera ku Montreal kupita ku Edmonton kudzera ku Ottawa. Ndegeyo inali yatsopano, yosakwana miyezi inayi chiifikire ku kampaniyo. Dzulo lake ku Edmonton makaniko wina adapeza kuti mageji osonyeza mafuta azima. Makina oyeza mafutawo anali ndi mbali ziwiri, ndipo iye atazimitsa mbali yowonongekayo, mbali inayo idayamba kugwira ntchito, mageji n'kuyakanso. Buku la MEL linkalola ulendo wotere, malinga mafuta atayezedwanso ndi ndodo zoyezera za kunsi kwa mapiko. Adalemba m'buku, ndipo ndege idauluka bwino mpaka ku Montreal.

Kumeneko makaniko wina, pofuna kuyesa makinawo, adayatsanso mbali yowonongeka ija, ndipo mageji onse adazima. Asanamalize, adaitanidwa kukathandiza ntchito ina, naiwala kubwezera switchiyo pamene adaipeza. Kapiteni Robert Pearson, amene ankalandira ndegeyo, anali atacheza kale mwachidule ndi kapiteni amene adabwera nayo, ndipo adamva ngati kuti ndegeyo yakhala ikuuluka mageji onse ali chizimire. Polowa m'chipinda choyendetsera napeza mageji opanda manambala, sadadabwe, pakuti ndi zimene ankayembekeza. Buku la MEL silinkalola kunyamuka mageji onse atazima. Koma bukulo linali litasinthidwa ka 55 m'miyezi yochepayo, masamba ena ali opanda kanthu, ndipo kapiteni adakhulupirira kuti akuluakulu a zokonza adavomereza kale ulendowo. Akale adati safunsa adadya phula.

Pamwamba pa kusamvana kumeneku padabweranso kulakwitsa masamu. Nthawi imeneyo dziko la Canada linkasiya mapaundi kuyamba makilogalamu, ndipo Boeing 767 ndiyo inali yoyamba m'kampanimo kuwerenga mafuta m'makilogalamu. Ulendowo unkafuna makilogalamu 22,300. Ndodo zoyezera zidasonyeza kuti m'matanki munali malita 7,682. Owerengawo adachulukitsa malitawo ndi 1.77, imene ndi nambala ya mapaundi pa lita imodzi, m'malo mwa 0.8 ya makilogalamu. Motero adathira malita 4,917 okha, pamene ofunika anali pafupifupi 20,000. Ku Ottawa adayezanso, koma ndi nambala yolakwika yomwe ija, ndipo masamu adaoneka ngati akugwirizana.

Ali pa mtunda wa mapazi 41,000, mafuta adatha, injini zonse ziwiri n'kuzima. Mwamwayi Kapiteni Pearson ankadziwa kuyendetsa ndege zopanda injini zimene anthu amaulutsa pa masewera, ndipo womuthandiza wake, Maurice Quintal, adakumbukira bwalo lakale la asilikali ku Gimli, m'chigawo cha Manitoba, kumene adagwirako ntchito. Sadadziwe kuti msewu umene adalunjika udasanduka malo a mpikisano wa magalimoto, ndipo tsikulo kunali anthu. Ndege idatera, gudumu lakutsogolo lidapindika, mphuno idakhuluzika pansi, koma idaima isanafike pa anthuwo. Okwera 61 ndi antchito 8 onse adapulumuka.

Woweruza George Lockwood, amene adatsogolera kafukufuku, adatulutsa lipoti lake m'chaka cha 1985. Adayamika luso la oyendetsawo potera, koma adapezanso zolakwa zazikulu m'kayendetsedwe ka kampani. Ndege zakale zinali ndi munthu wachitatu, injiniya wa m'ndege, amene ankawerenga mafuta. Ndege yatsopanoyi inali ya anthu awiri okha, ndipo kampani siidanene momveka kuti mageji akafa, masamuwo achita ndani. Kampani idatsitsa Pearson pa udindo kwa miyezi 6, niimitsa Quintal kwa masabata awiri, koma m'chaka cha 1985 onse awiri adalandira ulemu wa bungwe la dziko lonse la zouluka chifukwa cha luso lawo.

DRYDEN, 1989: INJINI YAING'ONO YA KUMCHIRA

Ulendo wachiwiri sudathe ndi mwayi wotere. Pa 10 Malichi, 1989, ndege ya Fokker F28 ya kampani ya Air Ontario inkachokera ku Thunder Bay kupita ku Winnipeg, ndipo inkayenera kuima pa tauni yaing'ono ya Dryden. Ndege zambiri zili ndi injini yaing'ono kumchira, yotchedwa APU, imene imapereka magetsi ndi mpweya wolizira injini zazikulu ndege ili pansi. Pa ndege iyi injini yaing'onoyo inali yosagwiritsidwa ntchito, ndipo kukonza kwake kudaikidwa pa mndandanda wa zodikira. Pa bwalo lalikulu zimenezi sizivuta, pakuti pamakhala makina apansi olizira injini. Koma ku Dryden makina otere a ndege ya mtundu umenewu kunalibe.

Taonani tsono msampha umene udatchedwa ndege isanachoke n'komwe. Kapiteni akadazimitsa injini zonse ziwiri ku Dryden, sakadatha kuzilizanso, ndipo ndege ikadakhala pomwepo ndi anthu ake kufikira makina atabwera kuchokera kwina. Choncho adayenera kusiya injini imodzi ikulira. Koma malamulo a kampani ndi a opanga ndegeyo ankaletsa kupopera mankhwala osungunula madzi oundana pamapiko injini ikulira, kuopa kuti mpweya wa mankhwalawo ungalowe m'chipinda cha okwera. Kunena kwina, ndege yopanda APU ikafika ku Dryden tsiku la chipale chofewa, inalibe njira yotsukira mapiko popanda kudzitsekera yokha pansi.

Tsikulo linali Lachisanu, sukulu zikutsekera tchuthi, ndipo mabanja ambiri ankafulumira kukakwera ndege zina ku Winnipeg. Ku Thunder Bay kudawonjezeka okwera ena a ndege imene idalephereka, ndege n'kulemera kupitirira muyeso. Kapiteni George Morwood adafuna kuti okwera owonjezerawo atsale, koma akuofesi adasankha kupopa mafuta ena m'matanki, ntchito imene idawonjezera kuchedwa. Pofika ku Dryden ndege inali itachedwa pafupifupi ola lathunthu. Adathira mafuta injini imodzi ikulira, okwera ali m'kati. Chipale chidayamba kugwa. Kapiteni adatsika kukaimba lamya ku ofesi ya kampani, ndipo amene adamuona akubwerera adachitira umboni kuti anali wokhumudwa. Ali pafupi kunyamuka, kandege kakang'ono kamene kankavutika ndi nyengoyo kadapempha kutera msanga, ndipo Fokker idadikiranso, chipale chikuunjikana pamapiko.

Ena mwa okwera, pamodzi ndi oyendetsa ndege awiri amene adakwera ngati apaulendo, adachiona chipalecho pawindo, koma mawu sadafike kwa kapiteni. Ambiri adaganiza kuti iye akudziwa ndipo chidzauluka ndi mphepo ndege ikathamanga. Sichidauluke ayi, pakuti kunsi kwake chinali chitaundana ndi kumamatira pa chitsulo chozizira. Phiko lokutidwa ndi madzi oundana limataya mphamvu yake yonyamula. Ndege idadzuka pang'ono, idalephera kukwera, idagunda mitengo ndi kuyaka moto isanathe ngakhale mphindi imodzi mumlengalenga. Mwa anthu 69 adamwalira 24, pamodzi ndi oyendetsa onse awiri.

Kapiteni Morwood sanali munthu wosasamala. Anali atauluka maola oposa 24,000, ndipo ankadziwika ngati wotsata malamulo mosanyengerera, ngakhale pa mtundu uwu wa ndege anali asanakwanitse maola 100. N'chifukwa chake Woweruza Virgil Moshansky, amene boma la Canada lidamusankha kuti afufuze, sadakhutire ndi yankho lapafupi loti kapiteni adalakwa. Lipoti lake la m'chaka cha 1992 lidavomera kuti kunyamuka kunali kulakwitsa, koma lidasonyeza kuti kulakwitsako kudakonzedwa ndi manja ambiri: amene adatumiza ndege yopanda APU ku bwalo lopanda makina, nyengo yoipa ikuyembekezeka, kampani imene idayamba kuyendetsa ndege za jeti isanakonzeke mokwanira, ndi oyang'anira a boma amene anali ochepa poyerekeza ndi ntchito yawo. Kafukufukuyo adapezanso kuti oyendetsa ena ankalemba zovuta pa timapepala tapadera n'kumapatsirana, m'malo molemba m'buku la ndege, kuopa kuti ndege ingaimitsidwe. Woweruzayo adapereka malangizo 191, ndipo dziko la Canada lidakhwimitsa lamulo loti ndege isanyamuke mapiko ake ali ndi chipale kapena madzi oundana.

SÃO PAULO, 2007: CHILOLEZO CHOONA, TSIKU LOIPA

Pa 17 Julaye, 2007, ndege ya Airbus A320 ya kampani ya TAM idachoka ku Porto Alegre kupita ku bwalo la Congonhas, limene lili pakati pa nyumba za mzinda wa São Paulo ku Brazil. Injini za jeti zili ndi chipangizo chimene, ndege ikatera, chimabweza mphepo ya injini kutsogolo kuti ndege ichepetse liwiro. Pa injini ya kumanja chipangizochi chinali chitatsekedwa masiku anayi m'mbuyomo, ndipo buku la MEL linkalola masiku 10. Panalibe lamulo lophwanyidwa pamenepa, ndipo ndegeyo inali itatera kangapo ili choncho.

Koma madzulo a tsikulo kunkagwa mvula, msewu wotererapo unali waufupi, wosakwana makilomita awiri, ndipo phula lake latsopano linali lisanalembedwe timizere tochotsa madzi. Potera, chogwirira cha injini ya kumanzere chidakokedwa kumbuyo monga kuyenera, koma cha injini ya kumanja, ija yokhala ndi chovuta, chidatsala pamalo a mphamvu yokwerera. Injini imodzi inkabweza ndege m'mbuyo, inzake ikukankhira kutsogolo, ndipo chifukwa cha chogwirira chotsalacho mabuleki odziyendera okha sadagwire. Ndege idapitirira msewu wake, idadumpha msewu wa magalimoto, nigunda nyumba ya katundu ya kampani yomweyo. Adamwalira anthu 187 a m'ndege ndi 12 apansi, onse pamodzi 199.

Phunziro la São Paulo ndi lakuti chovuta chololedwa chimasintha kagwiridwe ka ntchito ka oyendetsa. Dzanja limene lazolowera kuchita chinthu mwa njira imodzi limafunsidwa kuchita mwa njira ina, kapena mutu umayamba kuganizira za chovutacho, pa nthawi yomwe mphindi iliyonse ili ya mtengo wapatali.

MADRID, 2008: KUCHIZA CHIZINDIKIRO, NTHENDA N'KUTSALA

Patangopita chaka chimodzi, pa 20 Ogasiti, 2008, ndege ya MD-82 ya kampani ya Spanair inkanyamuka ku bwalo la Barajas ku Madrid kupita ku chilumba cha Gran Canaria. Atafika kale kumayambiriro a msewu, oyendetsa adaona kuti chipangizo choyeza kutentha kwa mpweya wakunja chikusonyeza madigiri oposa 100. Adachita chinthu choyenera: adabwerera kukaitana amakaniko. Iwo adapeza kuti chotenthetsera cha chipangizocho, chimene chiyenera kuyaka ndege ili mumlengalenga mokha, chinali choyaka ndege ili pansi. Adachidula magetsi, ndipo adaona m'buku la MEL kuti ndege ingapite chotenthetseracho chili chozima, malinga panjira pasakhale nyengo youndanitsa madzi. Kunali kotentha tsikulo, choncho ndege idamasulidwa.

Funso limene silidafunsidwe ndi ili: chifukwa chiyani chinthu cha mumlengalenga chikuyaka pansi? Chotenthetseracho chimalandira uthenga wonena ngati ndege ili pansi kapena m'mwamba kudzera pa kachipangizo ka magetsi kotchedwa R2-5, ndipo kachipangizo komweko ndi kamene kamatumikiranso belu lochenjeza oyendetsa akafuna kunyamuka ndege isanakonzeke bwino. Atachedwa koposa ola, m'chipinda mukutentha, oyendetsa adaiwala kutambasula zigawo za mapiko zimene zimathandiza ndege kudzuka pa liwiro lochepa, ndipo powerenga mndandanda wa zoyenera kuona sadazindikire kuiwalako. Belu lochenjeza silidalire. Ndege idadzuka pang'ono, idapendekeka, nigwa pambali pa msewu. Mwa anthu 172 adamwalira 154, opulumuka 18 okha.

Ofufuza a ku Spain, m'lipoti lawo la m'chaka cha 2011, adaika gwero la ngoziyo pa mapiko osatambasulidwa ndi pa belu losalira. Sadagamule motsimikiza kuti kachipangizo kaja ndiko kadatseka belu pakamwa, koma adasonyeza kuti gwero la vuto la chotenthetsera silidafufuzidwe ndege isanamasulidwe. Buku lidayankha funso limene lidafunsidwa, loti ndege ingapite chotenthetsera chili chozima. Koma vuto lenileni silinali chotenthetsera chozima ayi. Linali chotenthetsera choyaka pa nthawi yosayenera.

ZIMENE MAULENDO ANAYIWA AKUTIUZA

Munthu angafulumire kunena kuti lamulo lolola kudikira ndi loipa, lichotsedwe. Koma ofufuza a ngozi zonse zinayi sadanene zimenezo. Pa ulendo uliwonse mwa anayiwa, chovuta chodikiracho sichidagwetse ndege pachokha. Ku Montreal chidakumana ndi kusamvana posinthana ntchito ndi masamu olakwika. Ku Dryden chidakumana ndi bwalo lopanda makina ndi chipale. Ku São Paulo chidakumana ndi mvula, msewu waufupi ndi chogwirira chotsala. Ku Madrid chidakumana ndi kuchedwa ndi kuiwala. Chovuta chodikira chimachotsa mpanda umodzi mwa mipanda yoteteza ulendo, ndipo mipanda yotsalayo iyenera kuyang'aniridwa ndi maso awiri.

Kapiteni wanzeru tsono, akapatsidwa buku losainidwa, amafunsa mafunso angapo asanavomere. Kodi chimene chalembedwa m'buku ndi chomwecho chimene akuona ndi maso ake m'chipinda choyendetsera? Kodi gwero la vutoli ladziwika, kapena changozimitsidwa chizindikiro chake? Kodi pali chipangizo china chimene chimadalira waya womwewo? Kodi mabwalo onse a panjira, pamodzi ndi bwalo lothawirako nyengo ikaipa, ali ndi zofunika kwa ndege yokhala ndi chilema chimenechi? Ndipo kodi iye ndi womuthandiza wake agwirizana momveka za chimene dzanja lililonse lidzachite ponyamuka ndi potera?

Koma mafunso amenewa alibe phindu ngati munthu wowafunsayo akuopa kulangidwa akakana kunyamuka. Apa ndi pamene udindo umachoka m'chipinda choyendetsera kupita ku maofesi. Kampani imene imasunga zitsulo zosinthira zokwanira, imene siilola kuti zovuta zodikira ziunjikane pa ndege imodzi, imene siichotsa chovuta m'buku lero kuti ichilembenso mawa ngati chatsopano, ndiponso imene siiyang'ana ndi diso loipa kapiteni wokana, ndiyo imapereka mphamvu yeniyeni ku lamulo. Oyang'anira a boma nawonso ayenera kukhala ndi anthu okwanira ndi ophunzira bwino, otha kutsegula mabuku a kampani ndi kuwerenga masiku a chovuta chilichonse. Ngozi ya ku Dryden idathandizanso kulimbikitsa maphunziro ophunzitsa antchito onse a m'ndege, ngakhale operekera zakudya, kuti akaona chokayikitsa alankhule kwa kapiteni mosaopa, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Awerengi athu amene amagwira ntchito m'maofesi ndi m'sukulu adzazindikira kuti zambiri mwa zolakwazi si za ndege zokha. Kusiyirana ntchito ndi mawu apakamwa m'malo molemba, kulemba mwachidule kotero kuti wolandira amva zina, kuganiza kuti wamkulu wina wavomereza kale, ndi kuona cholakwika n'kukhala chete poyesa kuti mwini wake akudziwa, zonsezi ndi zizolowezi zodziwika paliponse pamene anthu amagwira ntchito mosinthana. Kusiyana kwake n'kwakuti m'ndege malipiro a zizolowezi zimenezi amabwera tsiku lomwelo.

Tsono mukadzakhala pa bwalo la ndege, nimumva kuti ulendo wachedwa chifukwa amakaniko akuyang'ana kanthu kena, kapena kuti kapiteni wapempha ndege ina, musafulumire kudandaula. Mwina buku linkalola kuti apite, koma iye, ataona nyengo, msewu ndi chovutacho pamodzi, wagwiritsa ntchito mphamvu imene lamulo lidamupatsa. Maola awiri kapena atatu amene mwataya pa benchi ndiwo mtengo wa chigamulo chimenecho.